Phunziro la Kukana Linapita Kumsika

Mu ufumu wa Tavomera munali nduna ina yamanyazi kwambiri, dzina lawo a Bisalomu Kachingwe. Anali Nduna ya Mabuku a Sukulu, ndipo udindowo anaupeza mwangozi. Tsiku lina anapita kunyumba ya mfumu kukasiya ambulera imene mlamu wawo, wogwira ntchito kumeneko, anaiwala kumaliro. Anafika mfumu ikufunsa gulu kuti, "Ndani akufuna kukhala nduna?" Aliyense anakweza dzanja, ena manja onse awiri, kupatula iwo. Mfumu Sindilakwa Wachiwiri inaona kuti munthu ameneyu ndiye alibe dyera.

"Iwe wa ambulera, ndiwe nduna."

A Kachingwe ankafuna kunena kuti asiya nyemba pamoto, koma pakamwa panatuluka mawu amodzi okha: "Chabwino."

Amene sanakhalepo wamanyazi sangamvetse. Mawu amakhalapo ndithu, okonzeka bwinobwino, koma akafika pakhosi amabwerera, ngati mwana amene wapeza aphunzitsi atalowa kale m'kalasi. Wometa akawacheka khutu, a Kachingwe ankathokoza. Telala atawasokera jekete la mkono umodzi waufupi, analivala n'kumayenda chopendekeka kuti telalayo asakhumudwe.

Komatu ku Tavomera khalidwe limeneli linali ngati digiri. Chaka chilichonse mvula ikatha kunkachitika Tsiku la Inde. Anthu onse ankasonkhana pabwalo la ku Gwadani, likulu la dzikolo, mfumu n'kumafunsa mafunso, anthu n'kumayankha kuti "Indeee," mitu ili chozyolika. Lamulo linali loti munthu akangoyankha mwina, wolakwa ndi Nduna ya Mabuku, pakuti ndiyo imaphunzitsa anthu zoyankha. Chilango chake chinali kukakhala kazembe ku dambo la Dzimenyeni, kumene udzudzu umabwera ndi ana ake kudzawaphunzitsa ntchito. Nduna zimene zinapitako zinkabwerako zikudziwomba mbama ngakhale m'tchalitchi. A Kachingwe ankaopa Dzimenyeni kuposa imfa, chifukwa imfa imangobwera kamodzi.

Chaka chimenecho kunafika mabuku atsopano a ana a Sitandade 6, 7 ndi 8: la Jogalafe, la Sayansi ndi la Maluso a Moyo. Ankanunkhira fungo lija la buku latsopano, limene umafuna kungoikamo mphuno osawerenga. Ana anali atawadikira kwa nthawi yaitali. Kufikira nthawiyo buku limodzi ankalizungulira ana khumi, ndipo amene ankakhala kutsogolo kwake anazolowera kuwerenga zilembo chadodolido, moti ena mpaka lero nyuzipepala amaitembenuza kaye.

Mabukuwo asanagawidwe, mfumu inaitanitsa msonkhano wa nduna kuti imve zimene zalembedwamo. Wowerenga anali a Chiphwanya, Nduna ya Kuwomba M'manja, munthu wa zikhatho zolimba ngati zidendene. Anayamba ndi Jogalafe.

"Phiri lalitali kwambiri mu Tavomera ndi Chimtunda."

Nyumba ya mfumu inali pa Kachulu, kamtunda kamene mbuzi imakwera ikubzikula.

"Ukutanthauza kuti pali chinthu chimene chimandiyang'ana pa liwombo?" inafunsa mfumu.

"Chimachita mosadziwa, Mwinidziko," anatero a Chiphwanya.

"Konzani. Lalitali ndi Kachulu. Chimtunda akhale wachiwiri, ndipo athokoze."

Nduna zinawomba m'manja. A Kachingwe anati, "Chabwino."

Kenako kunabwera mtsinje wa Thawani, umene bukulo linati umatuluka m'dzikomo n'kukathera kwa anthu oyandikana nawo. Mfumu inadabwa kuti madzi ake angachoke osatsanzika, ndipo inalamula kuti m'bukumo mtsinjewo uzikwera chitunda kubwera ku Gwadani. Atafika pa mapu, mfumu inaloza kadontho kobiriwira kumunsi.

"Ichi n'chiyani?"

"Dambo la Dzimenyeni, Mwinidziko."

"Dambo? M'dziko langa? Alendo akaona mapu amenewa aziti timakhala ngati achule. Fufutani. Kuyambira lero Dzimenyeni kulibe, ndipo sikunakhaleko."

M'manja munalira. Nduna ina yokalamba, imene inakhalako kudamboko, inawomba kawiri m'manja, kachitatu pakhosi.

Sayansi sinavute kwambiri. Pamene panalembedwa kuti anthu onse ali ndi mafupa ofanana kuchuluka, anawonjezerapo kuti mfumu ili ndi ena apadera. Pamene panalembedwa za kutuluka kwa dzuwa, anakonza kuti dzuwa limatuluka mfumu ikadzuka. Popeza mfumuyo inkadzuka anthu akubwera kumunda, anafotokoza m'munsi mwake kuti kuwala kwa m'mawa kuja dzuwa limakhala likungoyeserera.

Vuto lenileni linali m'buku la Maluso a Moyo. A Chiphwanya anadutsa bwinobwino phunziro la kusamba m'manja ndi la kusankha anzako abwino, kenako anaima.

"Werenga," inatero mfumu.

"Mutu wake ndi wakuti Kudziwa Kukana, Mwinidziko. Akuti munthu akakuuza zinthu zimene ukuona kuti si zoona kapena si zabwino, uime mowongoka, umuyang'ane m'maso, unene momveka kuti..." Apa a Chiphwanya anatsokomola.

"Kuti chiyani?"

"Pali mawu ena, Mwinidziko. Aafupi."

Mawu amenewo, "ayi," anali asanamvekepo m'nyumbamo chimangireni. Mfumu inalanda bukulo, inawerenga yokha milomo ikugwedera, ndipo inalitseka pang'onopang'ono ngati muli chinkhanira.

"Kachingwe. Phunziro limeneli uling'ambe m'buku lililonse, masamba ake atenthedwe. Tsiku la Inde layandikira. Ndikangomva kamawu aka pabwalo, ukudziwa kumene ukupita."

"Chabwino," anatero a Kachingwe.

Anagwira ntchitoyo sabata yonse. Pa tsamba loyamba la phunzirolo panali chithunzi cha mtsikana wa yunifolomu atagwira m'chiuno, akukana maswiti a bambo wina wa galimoto. A Kachingwe ankang'amba atatsinzina, chifukwa mtsikanayo ankawayang'ana m'maso. Masamba atadzaza mawilibala, anawapereka kwa Kapitawo Mpinganjira, mkulu wa asilikali a mfumu, kuti akawatenthe kuseri kwa mudzi.

Apa ndi pamene nduna inaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa ku Tavomera amadziwa. Kumeneko pepala satentha. Munthu angathe kutaya nsapato, angathe kutaya m'bale wake, koma pepala ayi. Pepala limakulunga mchere, limakulunga usipa, limapichira fodya, limatseka botolo la palafini, ndipo likatopa limakagwira ntchito yake yomaliza kuchimbudzi. Chinanso, njira yopita kuseri kwa mudzi inkadutsa pakati pa msika wa Nong'onani, ndipo asilikaliwo anafikapo masana, njala itawapinda, mandasi akutsika kumene m'mafuta. Mawilibala anatulukira mbali ina ya msika ali opanda kanthu, asilikali milomo ili phuliphuli.

A Kachingwe anazidziwa patapita masiku. Anakhala pakhonde, akazi awo aNagama n'kuwaikira tiyi ndi kaphukusi ka zitumbuwa. Atamasula, anakumana maso ndi mtsikana uja, akadali chigwirire m'chiuno, tsopano akunyezimira mafuta.

"ANagama, pepala ili mwalitenga kuti?"

"Kumsika. Bwanji? Msika wonse ukukulungira omwewa. Abwinotu, sang'ambika msanga."

A Kachingwe anathamanga, ndipo unali ulendo woyamba anthu kuona nduna ikuthamanga popanda galu kumbuyo.

Msika wa Nong'onani unali utasanduka sukulu. Anthu amene sanatsegulepo buku chichokereni ku Sitandade 3 anali kuwerenga akutafuna. Popeza phunzirolo linali la masamba angapo, aliyense anali ndi chidutswa chake. Poyambira panali kwa ogulitsa mandasi, pakati kwa a usipa, pothera kwa a mtedza, ndipo anthu ankagula mtedza osaufuna, kungofuna kumva kuti mtsikana uja zinamuthera bwanji. Pansi pa mtengo wa mango ana a sukulu anali kuyala masamba motsatira manambala, akuluakulu atawazungulira.

"Iwe, tsamba la usipali liike uko, likutinunkhitsa phunziro."

"Ndiye ndi lomwe lili ndi zitsanzotu, amalume."

Mnyamata wa njinga ya kabaza anali kukana kukweza mayi wina ndi mbuzi ziwiri. Mayiyo naye anali kukana kutsika. Onse awiri anali ataima mowongoka momwe akanathera, akuyang'anana m'maso, akusangalala kwambiri.

A Kachingwe anapita kwa aNamilanzi, amene beseni lawo la mandasi linali lalikulu kuposa onse, ndipo mulu wa masamba unali pambali pake atautsamiritsa ndi mwala.

"Zikomo mayi. Pepani. Ngati sindikuvutitsani. Mapepalawa ndi a boma, ndimati mwina, mukafuna, mundibwezere."

Maso a aNamilanzi anawala ngati munthu amene mayeso abwera ndendende zimene anawerenga.

"Dikirani kaye, bwana, ndiime bwino."

Anadzuka, anamanga chitenje, anawongola msana. Amayi anzawo anasiya malonda kudzaonerera.

"Mapewa, aNamilanzi, mapewa," anatero wina.

"Ndisiyeni, ndikudziwa." Anawayang'ana a Kachingwe m'maso mwenimweni. "Ayi."

"Chifukwa, perekani chifukwa," anakumbutsa wa tomato.

"Chifukwa mandasi otentha sindingapatse anthu m'manja, ndipo phunziroli sindinalimalize." Atatero anatembenuka n'kuchokapo, pakuti bukulo linkati ukakana uchokepo. Anayenda mpaka pa ogulitsa makala, anaima, n'kubwerera. "Apa pokha bukuli silinatiganizire ife a bizinesi. Ndichokapo bwanji, beseni ndi langa?"

Msika wonse unafa ndi phwete. A Kachingwe anayesa kwa wa usipa, anakanidwa. Anayesa kwa wa mtedza, anakanidwa ndi zifukwa ziwiri. Anthu anayamba kufola mzere kuti nawonso apemphedwe. Gogo wina anawakoka jekete n'kunena kuti, "Mwanawe, ndipempheko kanthu nanenso, ndisanafe ndilaweko." Pomaliza aNamilanzi anawamvera chisoni n'kuwapatsa mandasi atatu okulunga bwino. A Kachingwe sankadya mandasi, ankawapatsa chilungulira. Analandira ndi manja awiri.

Kunyumba anakabisala kuseri kwa khola, pansi pa mpapaya. M'makutu mwawo munali mutayamba kale kulira udzudzu wa ku Dzimenyeni. Anadya mandasi onse atatu chifukwa cha nkhawa, ndipo m'manja munatsala pepala. Panalibe wowaona. Anawerenga.

Anadabwa kuti phunzirolo silinali laukali. Linkalankhula mofatsa, ngati munthu amene akukudziwa. Linkati anthu ena amavomera chilichonse poopa kukhumudwitsa anzawo, ndipo pamapeto pake amadzikhumudwitsa okha. A Kachingwe anayang'ana mkono waufupi wa jekete lawo. Linkatinso yamba kuyeserera pa zinthu zazing'ono. Pomwepo panadutsa nkhuku ikulunjika pa nyenyeswa za mandasi. A Kachingwe anaima, anawongola msana, anaiyang'ana. Nkhukuyo inapendeketsa mutu n'kuwayang'ana ndi diso limodzi.

"Pepani," anatero a Kachingwe, n'kuipatsa njira.

Tsiku la Inde linafika. Bwalo la ku Gwadani linadzaza mpaka m'mitengo. Mfumu inakhala pa nsanja itavala mkanjo wa nthenga, a Chiphwanya kudzanja lamanja atadzola kale mafuta m'zikhatho, a Kachingwe kumanzere atakumbatira mabuku atatu okonzedwa aja kuti awapereke kwa ana mwamwambo. Kumbuyo kwa nsanjayo, patali, phiri la Chimtunda linali chiimire mutu uli m'mitambo, losadziwa kuti linatsitsidwa udindo.

Ng'oma zinaleka. Mfumu inakweza litchowa.

"Anthu anga a ku Tavomera, kodi Kachulu ndilo phiri lalitali kuposa onse?"

Kunamveka phokoso lachilendo, ngati nsungwi zikuthetheka. Inali misana ya anthu ikuwongoka. Kenako mitu yonse inadzuka, ndipo mfumu inaona chinthu chimene inali isanaonepo chilowereni ufumu: maso. Anthu ake inkawadziwa ndi mipala, zipewa ndi maduku. Inali isakudziwa kuti ali ndi maso ambiri chonchi.

"Ayi," linatero bwalo lonse, mofatsa, mwaulemu, ngati kuyankha moni.

Zitatero aliyense anayamba kupereka chifukwa chake nthawi imodzi. Wina anati Chimtunda akuoneka apo. Wina anati Kachulu amakwera atasenza mtolo wa nkhuni osapuma. Gogo uja anati iye alibe chifukwa koma wakondwa. Atamaliza anatembenuka n'kuchokapo mwadongosolo, amayi ndi ana patsogolo, aNamilanzi nawo ulendo uno atasenza beseni lawo. A Chiphwanya anatsala manja ali m'malere, osadziwa ngati pamenepa n'powomba.

Mfumu inatembenuka pang'onopang'ono.

"Kachingwe."

"Mwinidziko."

"Kalongedze. Dzuwa lisanalowe ukhale uli pa ulendo wa ku Dzimenyeni."

"Chabwino" uja anali atafika kale pa lilime, atavala nsapato, wokonzeka kutuluka monga mwa masiku onse. A Kachingwe anamuluma. Anaganiza za udzudzu. Anaganiza za nkhuku. Anaganiza za mtsikana wogwira m'chiuno, amene iwo anamung'amba m'mabuku onse a m'dziko koma n'kuwatsatira mpaka pa tiyi. Anawongola msana, ndipo mkono waufupi wa jekete unakwera mpaka m'chigongono. Anayang'ana mfumu m'maso. Anali maso ang'onoang'ono, ofiira pang'ono, ngati a munthu wina aliyense amene chimfine chikumuyamba.

"Ayi," anatero. Koma mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri, moti ngakhale iwo eni sanawamve bwino.

"Wati chiyani?"

Palibe chinthu chowawa kwa munthu wamanyazi ngati kuuzidwa kuti abwereze.

"Ndati ayi, Mwinidziko."

"Chifukwa," ananong'oneza Kapitawo Mpinganjira kumbuyo, mosazindikira kuti akudziulula.

A Kachingwe anatsegula buku la Jogalafe, napeza mapu. Pamene panali kadontho kobiriwira panali poyera.

"Chifukwa Dzimenyeni kulibe, Mwinidziko, ndipo sikunakhaleko. Munanena ndinu. Ndikanyamuka n'kukafikako, anthu aziti mfumu inalakwitsa. Ine sindingakuchiteni zimenezo."

Mfumu inayang'ana mapu. Inawatembenuza. Inayang'ana a Chiphwanya, amene mwadzidzidzi anayamba kuchita chidwi ndi zikhadabo zawo.

"Mpinganjira, mutengeni munthuyu."

Kapitawo anapereka sawasha, anasuzumira m'bukumo, n'kukanda m'mutu.

"Tikamusiye pati, Mwinidziko? Msewu wake sukuoneka. Komanso tikatsata mtsinje, malinga ndi bukuli, tibwerera pompano."

Panali njira imodzi yokha yotumizira munthu kudamboko, ndiyo kuvomera kuti dambolo liliko, ndipo Sindilakwa Wachiwiri sakanatha kutero anthu akumva, ngakhale anthuwo anali atatsala asanu ndi mbuzi imodzi.

Chimene chinatsala kwa a Kachingwe chinali kuchokapo. Koma mwambo sunkalola kufulatira mfumu, ndipo ulemu wokha sanaung'ambe m'buku lililonse. Choncho anachoka chobwerera m'mbuyo, akuwerama pang'ono, natsika nsanja, naponda ng'oma, napepesa ng'omayo, napitiriza. Akuti anatembenuka atafika pa msika.

Anthu a ku Nong'onani anawalandira ndi nthungululu. Wa mtedza anawapatsa mtedza, iwo anakana. Wometa uja anawaitana kuti awamete ulele, anakana. Telala anatuluka m'shopu, ndipo a Kachingwe anamuonetsa mkono wa jekete, telalayo n'kuyamba kufunafuna tepi. Anafika kunyumba akuyenda ngati mwana amene wamva dzina lake pa wailesi kuti wasankhidwa kupita ku sekondale.

ANagama anali pakhonde akusankha nyemba. Anamva nkhani yonse, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako analoza beseni la mbale ndi mapoto limene linali pafupi ndi thandala.

"Mwachita bwino, bambo a kuno. Tsopano tatsukani mbalezo, ine manja ali ndi nyemba."

A Kachingwe anaima mowongoka. Zinali zitayamba kukoma. Anawayang'ana akazi awo m'maso.

"Ayi."

ANagama sanadabwe. Anapisa dzanja m'lichero, pansi pa nyemba, n'kutulutsa pepala lachiwiri limene linakulunga zitumbuwa zija. Linali tsamba lomaliza la phunziro la kukana, ndipo mafuta anali atalilowerera moti ukaliloza kudzuwa zilembo za kuseri zinkaonekera. Analikweza m'mwamba.

"Inu munang'amba mutatsinzina, eti? Kuseriku kukuyamba phunziro lina. Tawerengani mutu wake, ndinu a Mabuku."

A Kachingwe anasendera pafupi, natsinzinira diso limodzi. Zilembo zinali chobwerera, koma zinkawerengeka: Kugawana Ntchito za Pakhomo. Pansi pake panali chithunzi cha bambo wina atapinda malaya, akumwetulira, manja ali m'beseni.

Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana mapoto, anayang'ana akazi awo amene anawaphikira zaka zonse zija iwo akuvomera za anthu ena. Anavula jekete n'kulipachika pa msomali.

"Chabwino," anatero. Ndipo aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke iwo atachita kuwatuma.